Musabisale, Ana Anga Ogulitsa pa Foni

Ndinayamba geni ndi zitenje khumi ndi ziwiri zoyala pa thumba m'mbali mwa msika wa Limbe, masiku amene foni inali ya m'maofesi ndi ku positi. Inu mwayamba ndi foni m'manja. Mumajambula nsapato pa nsalu yoyera, n'kuika pa status ya WhatsApp, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo munthu wa ku Mzuzu amene simunamuonepo watumiza kale ndalama. Ine zimenezi ndaziphunzira kumutu kutayamba imvi, ndipo sindizinyoza ngakhale pang'ono. Zandidyetsa, zalipirira adzukulu anga fizi. Koma pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri pakamwa panu, ndipo amandisowetsa tulo. Mumati: "Ubwino wa pa intaneti ndi woti boma silitiona." Mumanena mokondwa, ngati mwana amene wapeza pobisala pabwino pa chibisalirano. Ine ndinabisalapo, ndipo mtengo wake ndinaulipira ndi manja angawa. N'chifukwa chake ndati ndikutsineni khutu.

Pa msika paja mayi ankachigwira chitenje, kuchitambasula padzuwa, kunyowetsa kansonga ndi malovu n'kutikita pa chala kuti aone ngati chikusuluka, kenako n'kuyamba kunenerera. Ndalama inkachoka pa mfundo katundu ali kale m'manja. Pa foni zinthu zatembenuka. Munthu amatumiza ndalama ataona chithunzi chokha, n'kukhala masiku awiri mtima uli m'mwamba, kudikira kuti kondakitala wa basi amuimbire. Tsiku loyambalo chimene wagula ndi mawu anu basi. Ndiye geni yanu imakula kufika pamene pathera anthu okukhulupirirani. Wogula akamati "ndilipira katundu akafika," msika wanu wathera pamene wa kabaza angafike n'kubwerako ndi ndalama dzuwa lisanalowe. Akakukhulupirirani, msika wanu wafika ku Karonga ndi ku Nsanje inu muli khale pakhonde.

Vuto lake n'lakuti chikhulupiriro chimenechi simungachimange nokha, chifukwa nsomba imodzi ikawola mudengu, zonse zimanunkha. Mtsikana wina woyandikana naye nyumba, wolimbikira kwambiri, ankagulitsa madiresi pa foni. Tsiku lina m'mamawa pageti pawo panafika mayi ali ndi mwana kumbuyo, maso ali psuu, akufuna ndalama zake. Mtsikanayo sankamudziwa n'komwe. Wina anali atatenga zithunzi zake zonse, ngakhale chimene anajambulitsa atavala yekha diresi, n'kutsegula tsamba la dzina lofanana, kungosintha nambala yolandirira ndalama. Ndinaima pampanda ndikuona mayi uja akuonetsa uthenga wa ndalama pa foni yosweka galasi, mtsikanayo akulumbira misozi ili chuchuchu. Onse awiri anali oona, onse awiri anaberedwa. Sabata imeneyo makasitomala a mtsikanayo anayamba kuzemba mmodzimmodzi, chifukwa mbiri yoipa imathamanga kuposa basi. Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, uli ndi pepala lililonse losonyeza kuti dzina la geniyi ndi lako?" Analibe. Nambala yake yolandirira ndalama inali ya dzina la mlongo wake. Pamene ankafuna kuti boma limuone, anapeza kuti anali atadzibisa yekha.

Ndili mwana, amayi anga ankandituma nyama ku msika, ndipo ankandiuza kuti ndizigula kwa bambo amene sikelo yawo ili ndi chidindo. Nthawi ndi nthawi kunkabwera anthu a boma ndi miyala yawo yoyesera, kuika pa sikelo iliyonse, n'kumata chizindikiro pa imene yapezeka yolungama. Lero ntchito imeneyi ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Ogulitsa achinyengo ankadana nawo anthu amenewa. Ogulitsa oona mtima ankawalandira ndi manja awiri, chifukwa chidindo chija chinkawabweretsera mwana ngati ine, wosadziwa kuyesa nyama ndi maso, ndi ndalama ya amayi ake. Malamulo otere ine ndimawatcha malamulo a sikelo, ndipo ndi amene amakulitsa msika. Alipo enanso, amene ndimawatcha otchinga njira, ndipo ndifikako. Nzeru yonse imene ndatola pa geni ya pa foni yagona pa kusiyanitsa awiriwa, chifukwa amene amawaphatikiza amadana ndi mnzake n'kumagona pamene mdani akubwera.

M'mayiko a European Union munthu akagula chinthu pa intaneti ali ndi masiku 14 oti akhoza kuchibweza osapereka chifukwa. Ku South Africa lamulo la 2002 la malonda a pa makina limapereka masiku 7. Wogulitsa akamva zimenezi koyamba amagwira mutu: nanga akandibwezera katundu ndidya chiyani? Koma taganizani mbali ya wogula. Munthu amene akudziwa kuti akhoza kubweza sachita mantha kutumiza ndalama kwa mlendo, ndipo obweza amakhala ochepa poyerekeza ndi amene alimba mtima n'kugula. Kwathu kuno, mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Ambiri mumalidziwa lamuloli chifukwa cha anthu omangidwa pa nkhani zolemba pa masamba a mchezo, koma mkati mwake mulinso zokutetezani: limavomereza kuti uthenga wa pa makina ndi umboni, ndipo limafuna kuti wogulitsa pa intaneti adzidziwikitse bwinobwino kwa wogula. Ndiye macheza anu ndi kasitomala musamafufute. Uthenga umene wavomera mtengo, mtundu ndi tsiku lolandira katundu ndi mboni yanu, ndipo mlandu suwola.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndikupemphani muzisiye lero. Choyamba ndi chija cholemba kuti "mtengo ku inbox." Mumati mukubisira opikisana nanu, koma wogula amamva kuti mukufuna muone kaye nsapato imene wavala musanatchule mtengo. Ine kuyambira pamene ndinayamba kulemba mtengo pansi pa chithunzi chilichonse, pamodzi ndi ya basi, mafunso anachepa koma ogula anachuluka. Chachiwiri ndi chikwangwani chija chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. A Competition and Fair Trading Commission akhala akunena kuti wogulitsa sangadzichotse pa mlandu wa katundu wowonongeka pongolemba mawu otere. Ketulo ikafika yosayaka, mawu anuwo sakupulumutsani. Ndipo inu amene mwalowa geni ya mapiritsi ochepetsa thupi ndi ena owonjezera mphamvu, dziwani kuti mankhwala ali ndi eni ake, a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo kugulitsira pa foni sikusandutsa mankhwala kukhala maswiti. Pamenepo sindikambanso za geni, ndikukamba za impso za mwana wa munthu.

Tsopano za malamulo otchinga njira, amene ndimadana nawo ndi mtima wanga wonse. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pa foni ndi pa intaneti, kuwonjezera pa VAT. Kwa munthu wa pa ofesi imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Kwa inu bandulo ndiye lendi ya sitolo, ndiye thiransipoti ya kasitomala yobwerera kudzaona katundu. Bandulo ikadula, mayi wa ku Ntcheu satsegula zithunzi zanu, amangowerenga mawu n'kutseka data. Mu 2019 nduna ya zachuma, a Joseph Mwanamvekha, anabweretsa mu bajeti msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zoyenda pa foni. Nthawi imeneyo Airtel Money ndi TNM Mpamba zinali zisanakwanitse n'komwe zaka khumi, anthu akumidzi atangoyamba kuzolowera kupita kwa ejenti. Mabungwe oimira ogula ndi a zamakompyuta anakana kwamtuwagalu, ndipo boma linauchotsa bajeti isanadutse. Koma maganizo otere safa. Amagona, n'kudzukanso chaka chimene thumba la boma lauma, ndiye khutu lanu lizikhala ku bajeti.

Wina anganene kuti 1 peresenti ndi chiyani, si tambala chabe? Tsatirani ndalama ya nsapato imodzi muone. Kasitomala watumiza kwa inu, ndipo mwamuuza kale kuti "muikepo yotapira." Inu mwatumizako ina kwa wa kabaza, ina kwa kondakitala, yotsalayo kwa amene mumapikulako. Iyenso aitumiza kwa wina amene amusakira ndalama zakunja. Ndalama imodzimodziyo yayenda kanayi kapena kasanu nsapato isanavalidwe, ndipo paliponse pamene yaponda yabudulidwa. Msonkho wa pa phindu umadikira kuti mukolole kaye. Msonkho wa pa kuyenda kwa ndalama umadya mbewu ili m'manja, kaya mupindula kaya muluza. Ndipo anthu si opusa: akaona kuti foni ikuwadyera, amabwerera ku ndalama ya pa mfundo. Pamenepo msika wanu wabwereranso pa mtunda wa kabaza, ndipo boma lomwelo lataya njira yoonera malonda amene likanadzawakhometsa msonkho atakula.

Zimenezi si maloto anga, anzathu anaziona. Ku Uganda, kuyambira pa 1 Julayi 2018, munthu ankayenera kulipira mashilingi 200 pa tsiku kuti atsegule WhatsApp, Facebook ndi masamba ena, ndipo ndalama za pa foni anaziikira 1 peresenti. M'miyezi yochepa chiwerengero cha ogwiritsa ntchito intaneti chinatsika ndi anthu oposa 2 miliyoni, malinga ndi bungwe la boma lomwelo loyang'anira zamauthenga. Msonkho wa ndalama anautsitsa chaka chomwecho kufika pa theka la peresenti, pa kutapa pokha, ndipo wa masamba uja anauchotsa mu 2021 n'kuika wa 12 peresenti pa data. Ku Tanzania anaika misonkho yawo mu Julayi 2021, anthu n'kulira, boma n'kuyamba kuidula pasanathe miyezi itatu. Ku Ghana anayamba ndi 1.5 peresenti mu Meyi 2022, anatsitsa kufika pa 1 peresenti mu Januwale 2023, ndipo mu Epulo 2025 anauthetseratu. Abale athu a ku Zimbabwe akhala akudulidwa pa ndalama zotumiza kuyambira pamene anaika masenti awiri pa dola iliyonse mu Okutobala 2018. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Dziko limene ndimalichitira kaduka pa nkhaniyi ndi Kenya. Pamene Safaricom inkayambitsa M-Pesa mu Malichi 2007, kunalibe lamulo lonena za ndalama za pa foni. Banki yaikulu ya dzikolo ikanatha kunena kuti dikirani tilembe kaye lamulo, ndipo zaka zikanapita. Inangoonetsetsa chinthu chimodzi chachikulu, chakuti ndalama za anthu zisungidwe padera mu banki, zisasakanikirane ndi za kampani, n'kulola kuti ntchito iyambe iyo ikuyang'anira. Lamulo lenileni linabwera mu 2011, mwana atayamba kale kuyenda. Anayamba ndi sikelo, chifukwa chimene chikanapha M-Pesa chinali munthu mmodzi kupita kwa ejenti n'kupeza kuti ndalama yake kulibe. Ku China nakonso lamulo la malonda a pa intaneti linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, msika wa Taobao utatha zaka zoposa khumi ndi zisanu. Boma lanzeru limadziwa nthawi yomangira khola: osati mbuzi zisanabadwe n'komwe, komanso osati zitatha kale chimanga cha eni.

Nkhani imene ndikufuna muisunge kwambiri ndi ya ku Indonesia. Kumeneko TikTok inali itatsegula msika mkati mwa tsamba lake, TikTok Shop. Achinyamata ngati inu ankaima kutsogolo kwa foni usiku wonse, kuonetsa zovala, anthu n'kumagula pompo osatuluka pa tsambalo. Ogulitsa anafika mamiliyoni. Koma ku Tanah Abang, msika waukulu wa nsalu mu mzinda wa Jakarta, amalonda anayamba kudandaula kuti mashopu ali pululu, sangapikisane ndi katundu wotchipa wochokera kunja. Kulira kwawo ndikukumvetsa, chifukwa inenso ndakhalapo pa benchi tsiku lonse osagulitsa kanthu, lendi ikuwerenga. Kumapeto kwa Seputembala 2023 nduna ya zamalonda, Zulkifli Hasan, inasaina lamulo loletsa kuti tsamba la mchezo likhalenso malo olipirirapo katundu. Anapereka sabata imodzi. Pa 4 Okutobala 2023 TikTok Shop inatsekedwa m'dziko lonselo.

Taganizani za mnyamata amene anali atangooda makatoni a katundu ndi ndalama ya ngongole, ali ndi antchito atatu opakira, makasitomala ake onse ali mkati mwa tsamba limenelo, osadziwa ngakhale nambala ya mmodzi. Kampani yaikuluyo sinafe ayi. Inatulutsa ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola, n'kugula gawo lalikulu la Tokopedia, kampani ya komweko yokhala ndi chilolezo cha malonda, ndipo pa 12 Disembala msika unatsegulidwanso. Njovu inangopatuka n'kudutsa kwina. Amene anapondedwa ndi aang'ono, amene miyezi iwiri yopanda malonda inali yokwanira kudya mpamba wonse. Ku Uganda nako boma linatseka Facebook mu Januwale 2021, nthawi ya chisankho, ndipo ku Nigeria Twitter inatsekedwa kuyambira Juni 2021 mpaka Januwale 2022. Nkhanizo zinali za ndale, koma amene ankagulitsira pamenepo anavulala nawo.

Tsamba limene mukugulitsirapo ndi benchi yobwereka, ndipo ili pa bwalo la eni awiri, kampani ndi boma. Ine ndinaphunzira zimenezi m'mawa wina nditadzuka n'kupeza tsamba langa lina litatsekedwa, popanda munthu woti ndimufunse. Zaka zitatu za makasitomala zinapita ngati madzi otayika. Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi kope la chikuto cholimba, lakuda, limene limagona m'chikwama changa. Aliyense wogula ndimamupempha kuti, "Achemwali, ndilembe nambala yanu kuti katundu watsopano akafika ndikudziwitseni?" Akavomera ndimalemba dzina, dera, saizi ya nsapato ndi tsiku. Akakana sindilemba, ndipo sindiponya munthu mu gulu la WhatsApp asanandilole. Kale umenewu unali ulemu chabe, koma kuchokera mu 2024 tili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, ndiye nambala ya kasitomala si yogawa ngati mtedza. Gulitsirani pa masamba awiri kapena atatu, ndipo kope likhale lanu.

Ndabwera tsopano pa bala langa. Chaka china ndinaoda kunja nsapato ndi zikwama zambiri kuposa kale lonse, chifukwa makasitomala asanu ndi anayi anali atalipiriratu, ena a ukwati. Pa chipata cholowera m'dziko anandipeza dobadoba wina wolankhula mokoma. "Amayi, musavutike ndi mapepala. Tilemba mtengo wochepa, msonkho utsika, ine mungondipatsa ya fanta." Ndinadziwa kuti n'kulakwa, koma ndinawerengera phindu n'kuvomera. Wofufuza katundu anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga. Anatsegula katoni yachitatu, n'kupeza lisiti lenileni limene wogulitsa anaika pansi pa nsapato ine osadziwa. Analiyala pa tebulo pambali pa pepala labodza lija, n'kundiyang'ana mwaulemu. "Amayi, mapepala awiriwa ndi a katundu mmodzi?" Nditatembenuka, dobadoba uja anali atasowa ngati mame. Katundu anagwidwa. Pofika tsiku limene ndinamuwombola, nditalipira msonkho wonse, chindapusa ndi ndalama yosungira, maukwati awiri anali atachitika kale. Ndinagulitsa makina anga osokera kuti ndibweze ndalama za anthu. Mayi mmodzi polandira ndalama yake sanandikalipire, anangoti, "Ndinkakukhulupirirani, amayi." Mawu amenewo anandipweteka kuposa chindapusa, ndipo sanagulenso kwa ine.

Phindu limene lagona pa kuzemba si lanu, mwangolibwereka, ndipo mwini wake amabwera tsiku limene simukuliyembekezera. Zili choncho ngakhale pamene mpatawo ndi wololedwa ndi lamulo. Ku South Africa timaphukusi ta mtengo wosafika R500 tinkalipira 20 peresenti yokha popanda VAT, pamene masitolo ooda zovala zambiri ankalipira 45 peresenti ndi VAT pamwamba. Shein ndi Temu zinakula msanga kudzera pa mpata umenewo, masitolo ndi mafakitale a komweko n'kudandaula, ndipo kuyambira pa 1 Seputembala 2024 bungwe lotolera misonkho la SARS linayamba kuutseka. Ku United States katundu wosapitirira madola 800 ankalowa opanda msonkho, koma mu 2025 zimenezo zinatha, poyamba kwa katundu wa ku China mu Meyi, kenako kwa mayiko onse mu Ogasiti. Inu amene mumaodera anthu kunja, powerengera mtengo muziikamo msonkho wonse kuyambira tsiku loyamba. Geni ikapanda kupindula mutatero, ndiye kuti sinali geni. Ndipo musamalandire ndalama za anthu n'kugona nazo: amene anagona nazo mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, anadzuka ali ndi ngongole ya katundu amene sakanathanso kumugula.

Nditachira ku bala lija ndinapita kukalembetsa dzina la geni yanga kwa Registrar General, n'kutenga TPIN ku MRA. Sindikunamizani kuti zinali zokoma. Zinandidyera masiku ndi ndalama ya minibasi, ndipo kulemba zolowa ndi zotuluka madzulo alionse kumafuna khama. Koma ndi mapepala amenewo ndinatsegula akaunti ya geni ku banki, ndinapeza nambala yolandirira ndalama imene imaonetsa dzina la geni wogula asanatsindike, ndipo sukulu ina inayamba kuoda kwa ine nsalu za yunifolomu chifukwa ndinkatha kupereka lisiti lodindidwa. Wobisala amagulitsa peyala imodziimodzi mpaka kukalamba, pakuti oda yaikulu imafuna dzina. Inu oyenda ku Zambia ndi ku Zimbabwe funsaninso za ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa chipata, muone ngati katundu wanu ali pa mndandanda wake. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lokwanira tonse.

Musaganize kuti ndikuti boma lachita mbali yake. Lili ndi ngongole yaikulu kwa inu. Mpaka lero wa kabaza timamulondolera kuti "mukafika pa chigayo mukhotere kumanja, mufunse nyumba ya geti yobiriwira," ndipo theka la mayunitsi limathera pamenepo. MACRA inayamba ntchito yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba, ndipo tsiku limene idzafike m'makwalala onse a ku Ndirande, Kawale ndi Chibavi idzakulitsa malonda anu kuposa msonkhano uliwonse wa mu hotela. Mu 2018 tonse tinaima pa mizere kulembetsa manambala a foni ndi chiphaso cha unzika, koma mauthenga a akamberembere akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" akubwerabe, ndipo woberedwa ndalama yochepa sadziwa khomo loti agogode n'kuthandizidwa msanga. Magetsi akazima netiweki imafooka, ndalama zakunja zikasowa mu banki mpamba umathera kwa osintha a pamsewu. Kulembetsa geni yaing'ono kuyenera kutheka pa foni yomweyo imene mukugulitsira, pa mtengo umene mtsikana wa madiresi khumi angaukwanitse. Lamulo likalemera mofanana kwa iye ndi kwa sitolo ya nthambi khumi, wamkulu amalemba ntchito wowerengera ndalama, wamng'ono amathawira kumdima.

Koma zonsezi adzanene ndani? Msonkho wa 2019 uja sunachoke chifukwa cha madandaulo a pa status. Unachoka chifukwa mabungwe okhala ndi mayina analankhula, aphungu n'kumva. Mu 2020 achinyamata anakuwa pamodzi za kudula kwa data, ndipo mitengo inagwedezeka. Amalonda odutsa m'malire ali ndi bungwe lawo, ma venda a m'misika ali ndi makomiti awo, ndipo akakwiya mzinda umadziwa. Inu ogulitsa pa foni ndinu ochuluka, koma pa tebulo pamene akukonza malamulo anu pamakhala mabanki, makampani a foni ndi eni masitolo akuluakulu, ena mwa iwo akudandaula kuti inu mukuwalanda makasitomala popanda kulipira kanthu. Zimene zinachitika ku Jakarta zinayamba chomwecho. Mutu umodzi susenza denga, komanso munthu amene sali m'kaundula aliyense sangaimirire mu msonkhano n'kunena kuti lamulo ili likutipha, chifukwa funso loyamba lidzakhala lakuti, inu ndinu ndani?

Chaka chilichonse bajeti isanalembedwe, Unduna wa Zachuma umachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ndikupemphani, ana anga: mwezi uno gulani kope, lembetsani dzina la geni yanu, ndipo pezani anzanu khumi a m'dera lanu amene mumagawana nawo wa kabaza. Lembani pamodzi ndalama zimene bandulo, yotapira ndi msonkho wa pa chipata zimakudyerani pa mwezi. Misonkhano imeneyo ikadzalengezedwa, musankhe awiri olankhula bwino, muwasonkhere thiransipoti, apite ndi pepalalo m'manja.